Wodwala 2.5 ndi ndani? Kuika bwino mipata ya timizere pa matchati a kolera ku Mangochi

Kumayambiriro kwa chaka cha 2023, pamene mliri wa kolera unali pachimake, ntchito yanga ina inali yosandutsa malipoti a sabata ndi sabata kukhala matchati oonetsa pamisonkhano ya ogwira ntchito zaumoyo. Tsiku lina tili pa chipatala china chaching'ono cha m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndinapachika tchati choonetsa odwala omwe anagonekedwa m'tenti ya kolera pa sabata iliyonse. Ndisanayambe n'kufotokoza komwe, mlangizi wina wa zaumoyo, bambo wachikulire amene wagwira ntchito zaka zambiri kuposa zomwe ine ndakhala pasukulu, anakweza dzanja.

"Achemwali, pepani. Apa mwalemba 2.5, apa 7.5. Theka la munthuyo tinamugoneka bedi liti?"

Anthu anaseka, ine ndinasekanso. Koma funso lachiwiri, lochokera kwa mayi wina wongodzipereka yemwe ankagawa kolorini khomo ndi khomo, silinali loseketsa. Iwo ankafuna kudziwa ngati odwala anayamba kuchepa asanayambe kugawa mankhwalawo kapena atayamba kale. M'munsi mwa tchati changa munali manambala a masabata otalikirana kwambiri, moti palibe amene akanatha kuloza motsimikiza kuti mzati uwu ndi wa sabata yakutiyakuti. Ziwerengero zinali zolondola zonse. Chomwe chinalakwika ndi timizere ting'onoting'ono ta m'mphepete, tomwe ndinasiyira kompyuta kuti isankhe yokha.

Tchati chilichonse chili ndi mizere iwiri ikuluikulu. Wogona, wa m'munsi, nthawi zambiri umaonetsa nthawi: masiku, masabata kapena miyezi. Woimirira, wa kumanzere, umaonetsa kuchuluka. Pa mizere iwiriyi pamakhala timizere tokhala ndi manambala, monga momwe zilili pa sikelo ya ana kapena pa jekeseni. Olemba malamulo a kompyuta m'chiyankhulo cha Python amatitcha ticks, pomwe a chiyankhulo cha R amati breaks. Nkhani yathu ndi ya mpata wa pakati pa timizereti: ukhale waukulu bwanji, uyambire pati, ndipo asankhe ndani.

Chifukwa chake kompyuta imalemba theka la munthu

Ambiri mwa ife amene timajambula matchati ndi khodi timagwiritsa ntchito ggplot2 ya mu R, yomwe anayambitsa Hadley Wickham, kapena matplotlib ya mu Python, yomwe anayambitsa John Hunter m'chaka cha 2003. Zonse ziwiri zimadzisankhira timizere ngati sitinaziuze kanthu. Mu ggplot2 kompyuta imayesetsa kuika manambala pafupifupi asanu, motsatira njira yomwe Justin Talbot, Sharon Lin ndi Pat Hanrahan a ku Stanford anafalitsa mu 2010 powonjezera pa ntchito ya Leland Wilkinson. Njirayi imayang'ana nambala yaing'ono ndi yaikulu m'ziwerengero zathu, kenaka n'kufunafuna mpata wooneka bwino m'maso. Nayo matplotlib imasankha pakati pa mipata ya 1, 2, 2.5, 5 ndi 10, kapena yomweyi yochulukitsidwa ndi 10, 100 ndi kupitirira apo.

Choncho ngati sabata yoipitsitsa munali odwala 10, ggplot2 ilemba 0, 2.5, 5, 7.5 ndi 10. Kwa munthu amene akuyeza kulemera kwa chimanga kapena kutentha kwa thupi, palibe vuto. Koma kompyuta sidziwa kuti tikuwerenga anthu. Sidziwanso kuti sabata yathu imayamba Lolemba, kuti palibe sabata ya nambala 0, kapena kuti pali nambala ina yomwe ikapitirira tiyenera kuimbira foni ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Zimenezo timazidziwa ndife, ndipo tiyenera kuziika mu khodi.

Kukonza theka la munthu n'kosavuta. Mu R timawonjezera mzere uwu:

scale_y_continuous(breaks = seq(0, 10, by = 2))

Ukutanthauza kuti yambira pa 0, lekezera pa 10, uzidumpha awiriawiri. Mu Python zofanana nazo ndi izi:

ax.yaxis.set_major_locator(MultipleLocator(2))

Chenjezo lake ndi lakuti mpata wolembedwa chonchi sudzisintha wokha. Tiyerekeze kuti patapita mwezi, odwala afika 200 pa sabata ndipo khodi yomweyo mwaiyendetsanso osaiona. Mu R manambala adzathera pa 10, gawo lonse la pamwamba n'kukhala lopanda chizindikiro. Mu Python mudzapeza manambala 100 atapanikizana ngati usipa m'dengu. Pa tchati chomwe chizituluka sabata iliyonse mliri ukusintha, ndi bwino kulola kompyuta kusankha mpata koma kuiletsa tizidutswa. Mu Python lamulo lake ndi MaxNLocator(integer=True). Mu R ine ndimalemba breaks = function(x) unique(floor(pretty(x))), zomwe zimatenga manambala omwe R yasankha n'kuchotsapo tizidutswa tonse.

Mzere wa nthawi ndi umene umasokeretsa kwambiri

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa zolakwika za pa mzere wa m'munsi sizionekera msanga ngati 2.5 uja.

Mliri umene tikukambawu unalengezedwa m'mwezi wa Malichi 2022, utayambira m'boma la Machinga, pambuyo pa namondwe wa Ana. Pa 5 Disembala 2022 Mtsogoleri wa dziko Lazarus Chakwera analengeza kuti kolera wafika pokhala ngozi ya zaumoyo, ndipo pa 13 Febuluwale 2023 anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Pofika pakati pa 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira m'dziko lonse. Mangochi linali limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Chofunika pa nkhani yathu n'chakuti mliriwu unadutsa malire a chaka, ndipo chimake chake chinagwera kutsidya, mu 2023.

Malipoti a kalondolondo wa matenda, a IDSR, amawerengedwa pa sabata, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, ndipo sabata iliyonse ili ndi nambala yake. Ikatha sabata 52 timayambiranso pa 1. Mukapatsa kompyuta nambala ya sabata yokha, popanda chaka, imaika sabata 3 ya 2023 kumanzere kwa sabata 40 ya 2022, popeza 3 ndi wochepa kuposa 40. Tchati chimatuluka chikuonetsa ngati mliri unayamba ndi ukali mu Januwale kenaka n'kuzilala, pomwe zoona zake ndi zakuti unkakwera kulowera mu Januwale. Masabata omwe akupezeka m'zaka zonse ziwiri amasanjikizana pamzati umodzi.

Palinso msampha wina wofala kwambiri pa mafayilo ochokera ku Excel. Ngati masabata alembedwa ngati mawu, monga W1, W2, W10, R imawasanja motsatira alifabeti: W1, W10, W11, W12, kenaka W2 amadzabwera pambuyo pa W19. Choopsa kuposa apa n'chakuti masabata olembedwa ngati mawu amaikidwa motalikirana mofanana ngakhale ena atasowa. Ngati lipoti la sabata 6 silinafike, mwina chifukwa netiweki inavuta kapena mtsinje unadzaza, kompyuta imangoika sabata 7 pafupi ndi sabata 5 ngati palibe chomwe chasowa. Woona tchati sangadziwe kuti pali dzenje. Ife tonse tinaphunzira kuti lipoti lonena kuti panalibe wodwala ndi losiyana ndi kusatumiza lipoti, n'chifukwa chake timalimbikira kutumiza ngakhale zili 0. Tchati chabwino chiyenera kusunga kusiyana kumeneku: sabata yosowa isiye mpata wooneka, ndipo pansi pa tchati tilembepo kuti mpatawo ndi wa lipoti lomwe silinafike.

Mankhwala a mavuto onsewa ndi amodzi. Sabata iliyonse tiipatse deti lenileni la Lolemba lake, n'kuuza kompyuta kuti limeneli ndi deti osati mawu. Mu R timagwiritsa ntchito as.Date, mu Python pd.to_datetime. Tikatero timaika timizere pa masiku a Lolemba omwewo:

scale_x_date(breaks = seq(as.Date("2022-12-05"), as.Date("2023-03-27"), by = "2 weeks"), date_minor_breaks = "1 week", date_labels = "%d %b")

Mzerewu ukupereka madeti asanu ndi anayi olembedwa, kuyambira pa 5 Disembala, lomwe linali Lolemba, mpaka pa 27 Malichi, motalikirana masabata awiriawiri. Pakati pake pali timizere tosalembedwa ta sabata iliyonse, kuti munthu athe kuwerenga ndi chala. Mu Python:

ax.xaxis.set_major_locator(mdates.WeekdayLocator(byweekday=mdates.MO, interval=2))

ax.xaxis.set_major_formatter(mdates.DateFormatter("%d %b"))

Ena amakonda kuika timizere pa miyezi chifukwa mayina a miyezi amawerengeka mosavuta. Pa tchati cha zaka ziwiri kapena zitatu, monga cha malungo kapena likodzo, ndimagwirizana nawo. Koma pa ziwerengero za sabata, kamzere ka mwezi kamagwera pa tsiku loyamba la mwezi, lomwe kawirikawiri silikhala Lolemba. Pa 1 Febuluwale 2023 panali Lachitatu, choncho kamzereko kamadula pakati pa mzati wa sabata yoyamba pa 30 Januwale, woona n'kumadabwa kuti odwalawo ndi a mwezi uti. Ndipo mukafuna kuphatikiza masabata kukhala miyezi, kumbukirani kuti Januwale 2023 anali ndi masiku a Lolemba asanu pomwe Febuluwale anali ndi anayi. Mwezi wa masabata asanu ukhoza kuoneka woipa kuposa unzake pomwe matenda sanasinthe.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikusankha madeti m'malo mwa manambala a masabata? Kwa anzathu a kalondolondo wa matenda, kunena kuti sabata 49 n'kokwanira. Koma mayi wogawa kolorini uja sakumbukira ntchito yake ndi nambala ya sabata. Amakumbukira kuti anayamba patangotha Khirisimasi, kapena tsiku la msika litangodutsa. M'kaundula wa m'mudzi mumalembedwa madeti. Ngati tchati chikupita kwa alangizi a zaumoyo, makomiti a m'midzi ndi mafumu, deti ndi lomwe angalilumikize ndi zomwe anaona ndi maso awo: mvula yoyamba, maliro omwe kunasonkhana anthu ambiri, mjigo womwe unawonongeka, kapena nthawi yomwe asodzi ochokera kwina anadzaza padoko.

Pali nthawi inanso pomwe sabata imakhala yaitali mopitirira. Kolera amaonekera pakati pa maola 12 ndi masiku 5 chilowereni kachilombo m'thupi. Mukamafufuza mudzi umodzi kapena doko limodzi m'masiku oyambirira, mzati wa sabata umameza nkhani yonse: anthu omwe anadwalira limodzi atamwa madzi a pamalo amodzi amasakanikirana ndi omwe anatengera kwa odwala pakhomo. Apo mizati ikhale ya tsiku lililonse, kamzere tsiku lililonse, koma deti lolembedwa lizidumpha tsiku limodzi kapena awiri kuti malemba asakwerane.

Kuyerekeza madera

Boma la Mangochi ndi lalikulu ndipo madera ake safanana. Monkey Bay ndi Makanjira ali kunyanja, wina tsidya lino wina tsidya lija. Namwera ali kumapiri cha kumalire ndi Mozambique. Chilipa ali kumtunda chakumadzulo. N'zachibadwa kufuna kuika timatchati ta maderawa pa tsamba limodzi. Mu ggplot2 timatero ndi facet_wrap, ndipo ambiri timathamangira kuwonjezera scales = "free_y" chifukwa timatchati timaoneka todzaza bwino. Zotsatira zake n'zakuti kalikonse kamakhala ndi mpata wakewake. Tiyerekeze kuti dera lina linafika pa odwala 8 pa sabata, lina 160. Mizati yawo yaitali idzaoneka yofanana msinkhu, kwina kamzere kamodzi kakuimira anthu 2, kwina 50. Munthu amene akugawa madiripi, matenti ndi anamwino, ataona tsambalo mothamanga pamsonkhano wa m'mawa, akhoza kuganiza kuti vuto ndi lofanana konsekonse.

Ngati funso ndi lakuti katundu apite kuti, timatchati tonse tikhale ndi mpata umodzi. Mu ggplot2 zimakhala choncho mukapanda kulemba free_y, ndipo mu matplotlib mumalemba sharey=True popanga timatchatito. Mpata wosiyana uli ndi ntchito yake pamene funso ndi lakuti matenda anayamba kukwera liti m'dera lililonse, chifukwa dera la odwala ochepa limaphwanyika pansi likayikidwa pa muyezo wa dera lalikulu. Koma zikatero lembani poonekera kuti miyezo ndi yosiyana, ndipo munenenso pakamwa musanayambe kufotokoza.

Za poyambira sindichedwapo: tchati cha mizati chiyambire pa 0 nthawi zonse, popeza diso limayerekeza kutalika kwa mizati. Chomwe ambiri sadziwa ndi ngozi ya potsirizira. Mu ggplot2 mukalemba limits = c(0, 100) ndipo sabata ina munali odwala 130, mzati wa sabatayo sudulidwa pa 100 ayi, umachotsedwa wonse. Kompyuta imalemba kachenjezo kakang'ono koti yachotsa mzere umodzi, komwe ambiri timakanyalanyaza. Sabata yoipitsitsa ya mliri imasanduka malo opanda kanthu, ofanana ndi sabata yomwe lipoti silinafike. Ngati mukufunadi kuonetsa gawo la m'munsi lokha, gwiritsani ntchito coord_cartesian(ylim = c(0, 100)), yomwe sitaya ziwerengero.

Kamzere kakhale pomwe pali chiganizo

Aliyense amene anayezapo mkono wa mwana ndi tepi ya MUAC amadziwa kale mfundo iyi, ngakhale sanagwirepo kompyuta. Pa tepiyo maso amathamangira pa masentimita 11.5 ndi 12.5, pomwe mtundu umasintha kuchoka pofiira kupita pachikasu, kenaka pobiriwira. Manambala amenewo ndi omwe amatiuza chochita ndi mwanayo. Mukajambula tchati cha miyezo ya MUAC kompyuta n'kulemba 10, 12, 14, ndiye kuti malire onse awiri abisika pakati pa timizere. Apa tizidutswa ndi tofunika, ndipo timatilemba tokha: breaks = c(10.5, 11.5, 12.5, 13.5, 14.5).

N'chimodzimodzi ndi imfa za kolera. Bungwe la WHO limati odwala akalandira chithandizo choyenera msanga, omwalira sayenera kufika mmodzi pa anthu 100 alionse. Pa mliri wa 2022 mpaka 2023, m'Malawi monse munkamwalira pafupifupi atatu pa 100 alionse. Tchati cha imfa chokhala ndi manambala 0, 2.5, 5 sichithandiza aliyense kuona ngati dera lili pansi kapena pamwamba pa malire amenewa. Mpata ukhale 1, ndipo pa nambala 1 pajambulidwe mzere wodutsa tchati chonse, ndi geom_hline(yintercept = 1) mu R kapena ax.axhline(1) mu Python. Kungoti pa chipatala chaching'ono musamale: odwala akakhala anayi, mmodzi n'kumwalira, chiwerengero chimalumpha kufika 25 pa 100, ndipo tchati cha sabata ndi sabata chimangodumphadumpha popanda tanthauzo. Pamenepo ndi bwino kungolemba anthu enieniwo, odwala angati, omwalira angati.

Kodi tchatichi chikaonedwera pati?

Funso ili ndimadzifunsa pomalizira, ngakhale linkayenera kukhala loyamba. Tchati chomwe chikuoneka bwino pa laputopu chimafika kwa anthu ambiri kudzera pa WhatsApp, pa foni ya galasi laling'ono, mwinanso losweka. China chimasindikizidwa pa makina opanda mitundu omwe inki yake ikutha, n'kumatidwa pakhoma. Kwa ine, manambala olembedwa asanu mpaka asanu ndi anayi pa mzere uliwonse ndi okwanira. Akachuluka, anthu amawapendeketsa kuti akwane, woona n'kumachita kupendeketsa khosi. Kuli bwino kuchepetsa olembedwa n'kusiya timizere tosalembedwa pakati. Ndisanatumize tchati kwa wina aliyense, ndimayamba ndadzitumizira ndekha pa foni n'kuona ngati ndingathe kuloza mzati umodzi ndi kutchula deti lake popanda kukulitsa chithunzi.

Kwa inu amene simulemba khodi, zonsezi zikukukhudzanibe. Mu Excel mpata umasinthidwa pa Format Axis, pamalo olembedwa Major. Mu DHIS2, gawo lojambulira matchati limalola kusankha nambala yoyambira, yothera ndi kuchuluka kwa timizere pa mzere woimirira. Ndipo tchati cha katemera chomwe mumadzaza ndi cholembera pakhoma la chipatala, chokhala ndi miyezi 12 m'munsi, mumachidziwa bwino kuposa ife: mwezi womwe simunalembe umaoneka kuti sunalembedwe, palibe amene amasuntha Meyi kuti akhale pafupi ndi Malichi. Mukalandira tchati chochokera kwa ife ofufuza, muli ndi ufulu wofunsa zomwe anafunsa anzanu aja. Lozani mzati umodzi, mufunse kuti ndi wa sabata iti. Ngati wojambulayo akuchita kuwerenga ndi chala mokayikira, tchaticho chibwerere.

Sabata yotsatira ndinabwerera ku chipatala chija ndi tchati chatsopano: manambala athunthu kumanzere, madeti a Lolemba m'munsi, ndi mzere umodzi woimirira pa tsiku lomwe kugawa kolorini kunayamba, lomwe mayi aja anandipatsa kuchokera m'kope lawo. Tchaticho sichikanatha kutsimikizira kuti kolorini ndi amene anachepetsa odwala, popeza zinthu zingapo zinkachitika nthawi imodzi, ndipo ndinawauza zimenezo. Koma aliyense anatha kuona ndondomeko ya zochitika, ndipo mkangano unachoka pa timizere n'kupita pa midzi iwiri yomwe inali isanafikiridwe.

Kanthu kamodzi kotsiriza kwa amene muli ndi khodi yakale yomwe mumangoiyendetsa chaka ndi chaka. Ngati penapake munalemba seq(1, 52), kaiwoneninso. Si chaka chilichonse chomwe chili ndi masabata 52: cha 2020 chinali ndi 53, ndipo cha 2026 nachonso chili ndi 53. Sabata yowonjezerayo imagwera kumapeto kwa Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, mkati mwa nyengo ya mvula.